Kuteteza wachinyamata wa ulumali wa muubongo ku mowa, chamba ndi milandu

Nthawi yoopsa kwambiri kwa mnyamata kapena mtsikana wa ulumali wa muubongo ndi pamene sukulu yatha. Ali mwana, maso amakhala ambiri pa iye: amayi, agogo, aphunzitsi. Akafika zaka 18, 20 kapena 25, thupi lakhwima, akufuna zomwe anzake akufuna, koma kukacha palibe komwe akumuyembekezera. Omwe ankasewera nawo akwatira, ena ali ku Joni. Otsala ndi nthawi yocheza naye ndi a pa shabini, pa pool, pa siteji ya kabaza ndi ku vidiyo. Iye amapita kumeneko kukafuna anthu omulandira, ndipo omulandira msanga nthawi zambiri amakhala omwe aona kuti angathe kumutuma, kumuseka kapena kumudyera ndalama. Mowa ndi milandu zimalowera pamenepo. Ntchito ya banja tsono ndi kumupezera komwe akufunikira, kumuphunzitsa mawu okanira mpaka atalowa m'kamwa, ndi kukonza njira kwa amfumu ndi apolisi zinthu zisanavute.

Tikunena za ndani

Ulumali wa muubongo womwe tikunena pano ndi woti munthu amachedwa kumva, kuphunzira ndi kudziyendetsera moyo, ndipo umayamba munthu ali mwana. Ena anabadwa nawo, monga a Down syndrome. Ena unabwera chifukwa chobanika pobadwa, malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, kapena mowa womwe mayi ankamwa ali oyembekezera. Si misala, ndipo si khunyu, ngakhale munthu mmodzi angathe kukhala ndi zonsezi. Palibe mankhwala ouchotsa. Chomwe chimasintha ndi luso lomwe munthuyo waphunzitsidwa.

Omwe ali pangozi yaikulu ndi a ulumali wocheperako, omwenso ndi ochuluka. Amalankhula bwino, amapita okha kumsika, amadziwa kupereka moni waulemu, ndipo wodutsa sangaone chilichonse. Komabe sangawerenge chenji, sangasiyanitse nthabwala ndi chipongwe, ndipo amabisa kuti sanamve chifukwa anatopa kutchedwa mayina onyoza. Akafukufuku m'mayiko angapo anapeza kuti anthu a ulumali wotere samwa kwambiri kuposa ena, koma mwa omwe ayamba kumwa, ambiri amagwa m'mavuto msanga ndiponso ndi mowa wochepa.

Pali chinthu chimodzi chomwe aliyense womusamalira ayenera kuchigwira: munthu wotere amavomera. Moyo wake wonse waphunzira kuti kunena "eya" kumathetsa nkhani ndipo kumasangalatsa wofunsa. Amanena "eya" kwa womupatsa kachasu, kwa womutuma kunyamula thumba, kwa mwamuna womukokera kuseri, ndiponso kwa wapolisi womufunsa ngati ndiye waba mbuzi. Ifeyo makolo ndi amene timamuphunzitsa zimenezi tikamayamikira kuti "mwanayu ngomvera, satsutsa."

Yambani ndi kope

Musanaletse chilichonse, tengani kope ndipo kwa masiku 7 lembani zinthu zinayi: wachoka nthawi yanji, anali kuti, anali ndi ndani, ndipo anatuluka ndi ndalama zingati nkubwera ndi zingati. Musamufunse ngati muli pabwalo la milandu. Funsani abale ake aang'ono, mayi wogulitsa tomato pamsewu, mnyamata wa kabaza yemwe mumamukhulupirira. Pakutha pa sabata mudzaona maola opanda mwini. Kawirikawiri ndi masana mpaka kachisisira, tsiku la msika, usiku wa pamaliro, paukwati, ndi miyezi ya pambuyo pokolola pamene ndalama ndi mowa zachuluka m'mudzi. Mudzaonanso mayina awiri kapena atatu omwe akubwerabwera. Amenewo ndiwo muyenera kuwadziwa bwino.

Maola amenewo muwatseke ndi ntchito yeniyeni, yoti ikapanda kugwiridwa anthu aone kuti pali chomwe chasowa. Kumuuza kuti "khala pakhomo" si ntchito. Nkhuku khumi zomwe ndi zake, bedi ziwiri za mpiru kudimba, kusesa ndi kukonza mabenchi kutchalitchi kapena kumzikiti, kuthandiza mmisiri wa njinga, kutunga madzi a pamalo ogulitsira chipisi: zoterezi zimamupatsa dzina pakati pa anthu. Ntchito iliyonse igaweni m'tizigawo ting'onoting'ono, tosapitirira 5 kapena 6. Pa nkhuku: tsegula khola, taya madzi akale, tsuka chomwera, thira madzi, thira gaga kapu ziwiri, tola mazira. Njira yomwe imagwira bwino ndi yoyambira kumapeto. Inu chitani zonse, iye atole mazira. Akazolowera, athire gaga nkutola mazira. Pitirizani kubwerera m'mbuyo mpaka azitsegula yekha khola. Chifukwa chake nchakuti tsiku lililonse amamaliza ntchito ndi dzanja lake ndipo amaona phindu lake, pamene mukayambira kutsogolo amatopera pakati nkumadziona wolephera.

Ngati akugwira ganyu kwa anthu ena, pitani nokha mukagwirizane mtengo pamaso pa mboni, ndipo munene poyera kuti malipiro ndi ndalama kapena chimanga, osati chipanda cha masese kapena ndudu. Achinyamata ambiri otere amayamba kumwa chifukwa cholipidwa mowa atalima tsiku lonse. Chimodzimodzi zomuvinitsa pamowa kuti anthu aseke nkumugulira kabotolo. Ameneyo si masewera, ndipo ndi nkhani yokaitula kwa amfumu.

Funsani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu ndi kwa alangizi a MACODA, bungwe loona za anthu a ulumali lomwe kale linkatchedwa MACOHA, za maphunziro a ntchito zamanja omwe angamulandire. Ku Mzuzu a St John of God amaphunzitsa ntchito zamanja achinyamata kuphatikizapo a ulumali. Bungwe la makolo a ana a ulumali la PODCAM ndi la masewera la Special Olympics Malawi nawonso angakulozereni gulu lomwe lili pafupi. Kwaya ndi timu ya mpira ya m'mudzi zimathandizanso, bola mupeze munthu mmodzi m'gulumo, wamsinkhu wake, woti azimutenga ndi kumubweza. Kungomulembetsa dzina sikukwanira. Popanda womutenga amapita kawiri nkusiya.

Kuphunzitsa kukana

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa, osati mwadala. Timakhazika mnyamata pansi, kumulangiza ola lathunthu, kumuponyera miyambi, kenako nkufunsa kuti "wamva?" Iye nkuti "eya." Palibe chomwe chalowa. Mawu okuluwika monga "usamayende njira zoipa" kapena "uzisamala ndi anthu" alibe tanthauzo kwa munthu yemwe amamva zinthu monga momwe zanenedwera. Angathe kuganiza kuti mukunena njira ya matope.

Chitani motere. Sankhani chiganizo chimodzi chachifupi, cha mawu osapitirira asanu, choti azinena nthawi zonse osasintha. "Ayi, sindimwa, ndili pamankhwala." Kapena "Ayi, akundidikira kunyumba." Chiganizocho chitsagane ndi kutembenuka nkuchokapo, chifukwa akaima pomwepo amugonjetsa ndi mawu. Kenako yeserani ngati sewero, mphindi 10 zokha, katatu kapena kanayi pa sabata. Gwiritsani ntchito zinthu zenizeni: botolo lopanda kanthu la kachasu, kabotolo ka midoli, pepala lopichira ngati ndudu ya chamba. Tsiku loyamba mupatseni mofatsa. Akazolowera, muumirizeni monga momwe anzake angachitire: "Iwe ndiwe mwana eti?", "Lawa pang'ono chabe," "Ukakana sindiwenso mnzanga." Sinthani anthu. Lero malume, mawa msuweni, mkuja mnansi, chifukwa zomwe waphunzira ndi amayi pakhonde sazitengera yekha kumsika. Pomaliza kayesereni pamalo enieni, pafupi ndi golosale kapena pa siteji. Akakana bwino muyamikireni pomwepo, ndipo mutchule chomwe wachita: "Wanena ayi ndipo wachokapo, wachita bwino."

Kuti mudziwe ngati wamva, muuzeni kuti "ndionetse" kapena "tandiuza zomwe ndanena." Yembekezani kubwereza zimenezi kwa miyezi, ndipo muzibwerezanso nyengo ya zikondwerero ikayandikira.

Pali mbali yovuta kwa makolo: ayenera kuloledwa kukananso pakhomo. Mulekeni asankhe malaya ovala, akane ndiwo zomwe sazifuna, anene kuti watopa. Munthu yemwe amamenyedwa akakana kunyumba sangakane kunja.

Mwa njira yomweyo, phunzitsani malamulo ochepa okhudza milandu, limodzilimodzi, lina likakhazikika nkuyamba lina. Sindinyamula thumba lomwe sindinaone m'kati. Sindisunga katundu wa munthu m'nyumba mwathu. Sindiimira munthu pakhomo la eni usiku kuti ndimuuze kukabwera anthu. Sindigulitsira munthu foni, njinga, nkhuku, mawaya kapena zitsulo. Sindipereka chiphaso changa cha unzika. Malamulowa akuchokera pa momwe akuba amawagwiritsira ntchito: amamupatsa katundu kuti apite naye patsogolo, ndipo pakachitika phokoso iwo amathawa, iye amaima ndi katunduyo m'manja osadziwa chomwe chikuchitika. Ogulitsa chamba amamutuma kukasiya kaphukusi chifukwa palibe womukayikira. Lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo okhala ndi chilolezo. Kupezeka ndi fodya wamkulu wosuta ndi mlandu mpaka lero, ndipo wogwidwa ndi yemwe wapezeka naye m'thumba. Chiphaso nacho akuba amalembetsera nambala ya foni yoberera anthu, apolisi akamafufuza nkupeza dzina la mwana wanu.

Lamulo lomanga onsewa ndi ili: munthu akati "usakauze akwanu," ndikauza tsiku lomwelo. Kuti ligwire ntchito, tsiku lomwe wabwera kudzaulula musamukalipire, ngakhale zomwe wanenazo zikukuwawani. Mukamukalipira kamodzi, simudzamvanso kanthu.

Ndalama

Ndalama zake ndi zake, kaya ndi za ganyu, za mazira kapena zotumizidwa ndi mbale wake. Kumulanda zonse kumamupangitsa kubisa ndi kuba. Kumupatsa zonse kumaitana anzake a tsiku la malipiro. Gwirizanani naye kuti azitenga za tsiku limodzi, zokwanira chinthu chomwe watchula, zotsalazo zisungidwe pomwe akuona ndipo zilembedwe m'kope. Kusungira chinthu chooneka, monga nsapato, wailesi kapena mwanambuzi, kumamveka kwa iye kuposa mawu oti "tsogolo." Ngati ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, musasiyemo zambiri, ndipo nambala yachinsinsi isinthidwe mukangoona kuti wina akuidziwa. Yang'aniraninso zobetcha pafoni. Zimakopa kwambiri munthu yemwe samvetsa kuti kuwina kamodzi sikubweza zomwe waluza kakhumi.

Pitani kwa ogulitsa mowa a m'dera lanu, mwaulemu, pamodzi ndi nduna ya amfumu kapena wa chitetezo cha m'mudzi. Lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa osakwana zaka 18 silimuteteza chifukwa iye ndi wamkulu, choncho mudalira mgwirizano. Auzeni kuti asamupatse mowa pangongole ndipo banja silidzalipira ngongole yotero. Ambiri akamva kuti ndalama sizibwera amasiya okha.

Mowa ndi mankhwala ake

Khunyu limapezeka kwambiri pakati pa anthu a ulumali wa muubongo, ndipo ambiri amamwa phenobarbital, carbamazepine, phenytoin kapena sodium valproate. Ena amamwa chlorpromazine kapena haloperidol. Mowa umaonjezera tulo ndi chizungulire chomwe mankhwalawa amabweretsa. Ukaphatikizana ndi phenobarbital ungathe kufooketsa kupuma mpaka munthu kufera kutulo. Woledzera amaiwalanso kumwa mankhwala ndipo sagona bwino, ndipo khunyu limakonda kugwira mowa ukamatha m'thupi, pakati pa maola 6 ndi 48 atasiya kumwa. Nchifukwa chake ena amagwa m'mawa wa matsire, potunga madzi kapena pafupi ndi moto.

Musanyengedwe ndi kuchepa kwa botolo. Kabotolo ka 200ml ka mowa wa 40% kali ndi ukali wofanana ndi mabotolo pafupifupi 5 a mowa wamba wa 330ml wa 5%. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo totsika mtengo. Kachasu ndiye alibe muyeso, wa lero amasiyana ndi wa mawa. Chamba nacho chimayambitsa kapena kukulitsa misala mwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono ndi osuta tsiku ndi tsiku.

Mankhwala asungidwe ndi munthu mmodzi wamkulu, pamalo okhoma, ndipo azimwedwa iye akuona. Werengani mapiritsi kamodzi pa sabata. Akamatha msanga, mwina akumwa mopitiriza kapena anzake akumulanda, chifukwa mapiritsi ena monga diazepam ndi benzhexol anthu amawamwa kuti aledzere. Musamusiyitse mankhwala a khunyu chifukwa choti akumwa mowa. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa khunyu losalekeza. Kauzeni adokotala zoona zake kuti aone chochita.

Zizindikiro zake zimaphonyeka chifukwa chilichonse chachilendo anthu amati "ndi mmene alili." Muyerekezeni ndi momwe iye mwini analili miyezi itatu yapitayo. Kodi wayamba kugona masana, kukwiya msanga, kusasamba, kugwa khunyu pafupipafupi? Kodi pakhomo pakusowa chimanga, mbale, nkhuku? Kodi ali ndi foni kapena chipewa chomwe simukudziwa komwe chachokera, kapena mnzake watsopano yemwe safika pakhomo koma amaimbira mluzu kumsewu?

Akabwera ataledzera

Usiku umenewo si wolangiza. Ngati akuyenda ndi kulankhula, mupatseni madzi ndi chakudya, agone cham'mbali, kutali ndi moto, ndipo wina azimuyang'ana. Ngati wakomoka, mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa, mutu utapendekera m'mbuyo pang'ono ndipo kamwa italoza pansi kuti masanzi atuluke. Musamumwetse kanthu, musamusanzitse, musamuthire madzi ozizira. Thamangirani naye kuchipatala ngati sakudzuka mukamutsina, akupuma mwapatalipatali kapena mokoroma, wazizira thupi, wamenyetsa mutu, kapena khunyu lapitirira mphindi 5 kapena labwereza asanatsitsimuke. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala.

Kukacha, ali bwinobwino, munthu mmodzi alankhule naye, osati banja lonse litamuzungulira. Funsani mafunso osamupatsa yankho: "Unali ndi ndani?", "Anagula ndani?" Lumikizani zomwe akumva m'thupi ndi zomwe wamwa: "Mutu ukupweteka chifukwa cha kachasu wa dzulo." Kwa iye mgwirizano umenewu suonekera wokha.

Ngati wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse ndipo m'mawa amanjenjemera mpaka atamwanso, musamutsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Thupi lozolowera mowa likausowa mwadzidzidzi limanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kugwa khunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu munthu angathe kusokonezeka, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kumwalira. Kusiya kotere kumachitikira kuchipatala. Yambirani kwa alangizi a zaumoyo kapena pachipatala cha boma, komwe kuli anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo. Iwo angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Bungwe la YONECO lili ndi nambala yaulere ya 6600 ya nkhani zimenezi. Uzani wopereka uphungu kuti munthuyu ali ndi ulumali wa muubongo, kuti afupikitse nthawi, agwiritse ntchito zithunzi, abwereze mfundo imodzi, ndipo wachibale akhalepo. Uphungu wa m'gulu momwe anthu amalankhula mothamanga umamusiya m'mbuyo, kenako nkumulemba kuti safuna kusintha.

Za thupi ndi kugonana

Mabanja ambiri samulowetsa mwana wotere m'chilangizo chilichonse poganiza kuti ndi mwana mpaka kalekale. Thupi lake silidziwa zimenezo. Mtsikana wosalangizidwa amanyengedwa ndi mowa, mandasi kapena lonjezo la ukwati. Mnyamata wosalangizidwa, yemwe amacheza ndi ana chifukwa ndi omwe amamvana naye, angathe kutengera zomwe waona ku vidiyo kapena pafoni nkupalamula mlandu waukulu kwambiri. Anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo sanena.

Azakhali, agogo kapena malume amulangize ndi mawu olunjika, akutchula ziwalo mayina omwe iye akuwadziwa. Aphunzire ziwalo zomwe munthu wina sagwira, malo ovulira ndi osavulira, kuti wina akati ayi amasiya pomwepo, ndiponso kuti mwana sagwiridwa mwanjira imeneyo ngakhale atavomera. Malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, koma iye sangathe kuyerekeza zaka ndi maso. Mupatseni chizindikiro chooneka: aliyense wovala yunifolomu ya sukulu kapena wopita kusukulu ndi mwana. Ngati akufuna chibwenzi, kambiranani naye za kondomu ndi kulera ku chipatala. Kumukaniza kukamba kumangomutumiza kwa aphunzitsi oipa.

Ngati wagwiriridwa, asasambe ndipo zovala zisachapidwe. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo oletsa mimba amagwira bwino akamwedwa msanga. Kanenani ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku Chikwanekwane, malo omwe ochitiridwa nkhanza amalandirira thandizo lonse pamodzi, komwe alipo. Nambala yaulere ya nkhanza ndi 5600. Musalole kuti nkhani yotere ithere pa mbuzi kapena ndalama kwa amfumu.

Apolisi amudziwe asanapalamule

Tengani wachinyamatayo, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, mukamuonetse kwa amfumu, kwa a chitetezo cha m'mudzi ndi kwa wapolisi woona za chitetezo cha m'madera pa polisi yapafupi. Nenani dzina lake, komwe amakhala, momwe amachitira akachita mantha, ndi yemwe angaimbiridwe. Ena akaopsezedwa amathawa, ena amaseka, ena amangoti duu, ndipo zonsezi gulu la anthu okwiya limaziona ngati umboni. M'dziko muno anthu oganiziridwa kuba amamenyedwa ndi kutenthedwa asanafike kupolisi. Munthu mmodzi wonena kuti "ameneyu timamudziwa, itanani amayi ake" amapulumutsa moyo. Musokereni m'thumba kapepala kokutidwa ndi pulasitiki kokhala ndi dzina lake, mawu oti ali ndi ulumali wa muubongo, mankhwala omwe amamwa ndi nambala ziwiri za abale. Yeserani naye chiganizo china: "Itanani akwathu, sindiyankha ndekha."

Akamangidwa, fikani msanga. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa womangidwa ufulu wouzidwa chifukwa chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe akumva, ufulu wokhala chete, ufulu wokhala ndi loya, ndi woonekera kukhoti pasanathe maola 48. Belo ya kupolisi salipira. Uzani wofufuza za ulumaliwo ndipo mupemphe kuti zilembedwe mufayilo. Pemphani kukhalapo pomufunsa mafunso, ndipo asasaine kapena kudinda chala pa chikalata chomwe sichinawerengedwe kwa iye inu mulipo. Perekani mankhwala ake a khunyu tsiku lomwelo, chifukwa masiku awiri m'chitokosi osamwa angathe kumugwetsa. Kenako pitani ku Legal Aid Bureau, komwe amathandiza osatha kulipira loya, kapena funsani a PASI, alangizi a zamalamulo omwe amayendera mapolisi, makhoti ndi ndende.

Nkhani yovomera zomwe sanachite si yongoganizira. Ku Virginia m'dziko la America, Earl Washington Jr., yemwe anali ndi ulumali wotere, atafunsidwa ndi apolisi mu 1983 anavomera milandu ingapo, kuphatikizapo wogwiririra ndi kupha. Anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo mu 1985 kunatsala masiku 9 kuti chilangocho chichitike. Kuyeza kwa DNA kunaonetsa kuti si iye, ndipo anakhululukidwa mu 2000. Ku England ndi Wales lamulo la mu 1984 limafuna kuti munthu wotere akamafunsidwa kupolisi pakhale wamkulu womuthandiza, wotchedwa appropriate adult, ndipo abale athu okhala kumeneko ayenera kumupempha ndi dzina limenelo. Kuno kwathu zimadalira kulimbikira kwanu. Pemphani wofunsayo kuti ayambe ndi "tandiuza zomwe zinachitika," apewe mafunso a eya kapena ayi, ndipo funso lofunika alifunse kawiri mosiyana. Munthu akavomera kuti anali kumsika, nkuvomeranso kuti anali kudimba nthawi yomweyo, wofufuza wanzeru amaona yekha kuti "eya" ameneyo alibe kulemera.

Samalani ndi mawu oti "ndi wamisala." Khoti lingathe kulamula kuti akapimidwe ngati angathe kuyankha mlandu, zomwe nthawi zina zimamuthandiza, koma kudikira kupimidwako kungamusunge pa rimandi nthawi yaitali. Nenani chomwe chili choona, kuti ali ndi ulumali wa muubongo kuyambira ali mwana, ndipo mubweretse umboni: buku la kuchipatala, kalata ya kusukulu komwe ankaphunzira, kapena ya a Social Welfare.

Ngati wapalamuladi, musabise ndipo musamuuze kuti palibe kanthu. Wobedwa nkhuku wabedwa ndithu. Pa zinthu zazing'ono zomwe zathera kwa amfumu, iye mwini abweze ndi manja ake, apepese, ndipo alipire kuchokera pa ndalama zake, pasanapite masiku ambiri, kuti aone kugwirizana kwa chomwe wachita ndi chomwe chatsatira. Banja likamangolipira mwakachetechete, omutuma aja amaona kuti apeza munthu yemwe milandu yake imalipidwa ndi ena. Tchulani mayina awo kwa amfumu ndi kupolisi.

Zomwe zimaononga ntchito yonse

Kumumanga ndi chingwe, kumutsekera m'chipinda, kumumana chakudya kapena kumukwapula, zonsezi ndi nkhanza, ndipo malamulo, kuphatikizapo lamulo la anthu a ulumali la mu 2024, sazilola. Zimalepheranso: akamasulidwa amathawira kwa omwe aja, chifukwa kumeneko samenyedwa. Kumuthirira mankhwala osadziwika m'chakudya kuti anyansidwe ndi mowa kungaononge chiwindi chomwe chikulimbana kale ndi mowa ndi mankhwala a khunyu. Mapemphero apitirire, koma mapiritsi asatayidwe. Ndipo ngati bambo kapena achimwene ake amamutuma kukagula kachasu madzulo aliwonse, zimenezo zithe kaye, chifukwa palibe sewero lokana lomwe lingapose zomwe akuona pakhomo.

Akasiya nkuyambiranso, bwererani ku kope lija. Pafupifupi nthawi zonse pamakhala chomwe chasintha: ntchito yatha, womutenga ku kwaya wasamuka, pachitika maliro, mnzake wakale watuluka kundende.

Chomaliza choti mukonze ndi ichi. Pafupifupi zonse zomwe tanenazi m'mabanja ambiri zili m'mutu mwa munthu mmodzi, amayi kapena agogo. Iwo akagonekedwa m'chipatala sabata imodzi, mankhwala amaiwalika, nkhuku zimagulitsidwa, ndipo a mluzu aja amalowa mpaka m'nyumba. Itanani mwinimbumba ndi abale awiri kapena atatu, wachinyamatayo ali pomwepo ndipo akufunsidwa maganizo ake. Lembani patsamba limodzi mayina a mankhwala ndi nthawi yomwera, tsiku lopita kuchipatala, yemwe akusunga ndalama ndi chiphaso, mawu ake okanira, anthu osaloledwa kumutenga, ndi dzina la woyamba kupita kupolisi akaitana. Tsamba limodzi likhale m'buku la kuchipatala, lina kwa malume ake, ndipo muziliwerenganso pamodzi miyezi itatu iliyonse.